Maola Mazana Asanu ndi Awiri

Anandipatsa kaundula wa chikuto chobiriwira,
amvekere, "Uzilemba ola lililonse.
Akakwana mazana asanu ndi awiri, tidzakutcha phungu."
Ndiye ndimalemba.
Lachiwiri, kiliniki ya ku Hillbrow,
kachipinda koyandikana ndi chimbudzi,
mipando iwiri, winawo wotsimphina,
ndi bokosi la tishu logula ndekha.

Zaka ziwiri ndinameza mabuku ku Braamfontein.
Matenda a maganizo ndinkawatchula ndi manambala ake omwe,
ngati mwana wa kalasi ya ubatizo
woloweza mayankho asanamve mafunso.

Kenako analowa bambo Chimutu,
osamalira maluwa a bwana wina ku Randburg,
nsapato zili mbuu ndi dothi la munda wa eni.
Ataona dzina pachifuwa panga anamwetulira pang'ono:
"Kodi ndinu wakumudzi?"
Fomu inkafuna nambala, kuyambira ziro kulekeza pa atatu.
Iwo anangoti, "Ndimaganiza kwambiri. Mutu umatentha.
Mayi anga ndinawaika pa foni,
ndili m'garaja, netiweki ikudukaduka.
Pasipoti inatha kalekale.
Ndikanapita, pa Beitbridge sindikanadutsanso."
Anakhala chete.
Ndipo ine, mwini madigiri,
ndinati, "Limbani mtima bambo, zimachitika."

Lachinayi Dokotala Radebe anamvetsera zomwe ndinajambula.
Chichewa samva, ngakhale moni.
Maso awo anali pa wotchi basi.
"Apa munthuyu wasiya kuyankhula. Masekondi anayi.
Iwe walumphiramo. Unati chiyani?"
Ndinamasulira.
Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya bulauzi.
"Ankaopa chete ameneyu ndani, iyeyo kapena iwe?"

Mu takisi ya pa Noord ndinakhala kumbuyo kwenikweni,
ndalama za anthu zikudutsa pamapewa.
Bambo anga anawaika ine ndikulemba mayeso a chaka choyamba.
Ndinakhoza bwino kwambiri.
Aliyense anandiuza kuti ndine wolimba mtima.

Sabata yotsatira bambo Chimutu anabweranso,
chomwe sindinkayembekezera.
Anayankhula za mvula, za galu wa bwana, kenako zii.
Ndinaluma lilime.
Panja ma takisi akulizirana mahutala,
wina akugulitsa ma chaja pawindo,
paipi ya chimbudzi ikudontha kuseri kwa khoma.
Masekondi khumi. Makumi awiri.
Thukuta m'khwapa.
Pa makumi anayi anati,
"Usiku ndimaganiza kuti bola nditawatsatira."

Kwathu mwana safunsa wamkulu funso lotere.
Ndinafunsa, mawu ake enieniwo, osazungulira:
"Bambo, kodi mwaganizapo zodzipha?"
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Eya," anatero, mapewa nkugwa
ngati munthu amene watula thumba la simenti.
Tinalemba papepala dzina la msuweni wawo wa ku Turffontein,
tinamuimbira limodzi,
ndinaitana nesi, sindinawasiye okha pabenchi.
Dzanja langa linkanjenjemera, koma zolembazo zinkawerengeka.

Lamulungu ku tchalitchi cha Amalawi ku Rosettenville
ndinawaona mu kwaya, mzere wakumbuyo, akuimba besi.
Maso athu anakumana. Ndinayang'ana m'buku la nyimbo.
Potuluka ndinawadutsa ngati mlendo,
poti moni wanga ukanafunsitsa anthu
kuti tinadziwana kuti.
Mayi Nachuma ananong'oneza mnzawo, ine ndikumva:
"Sukulu yamulowa m'mutu ameneyu, sapatsanso moni akuluakulu."
Ndinameza. Nazonso ndi za ntchito yomweyi,
ngakhale palibe anandiphunzitsa m'kalasi.

Usiku uno magetsi azima ku Yeoville konse.
Ndayatsa tochi ya pa foni, ndatsegula kaundula.
Tsiku, malo, mtundu wa chithandizo, siginecha.
Ola la mazana awiri ndi khumi ndi limodzi.
Ndafufuza tsamba lonse, kutsogolo ndi kumbuyo,
mzere wolembapo masekondi makumi anayi aja palibe.
Ndalemba "ola limodzi."
Dokotala Radebe adzasaina Lachinayi.