Lilime la Mkuwa

Zaka makumi anayi ndili m'kanjira aka ka Ostia,
kuseri kwa nkhokwe za tirigu, kumene utsi sudziwa potulukira,
ndikuumba phula, kulimata dongo,
kuthira mkuwa wamoto m'malo mmene phula lathawa.
Tsopano makutu andikana.
Kresimo, mnyamata wanga wa pamvukuto,
amagwedeza kabelu pafupi ndi tsaya langa,
ine n'kumangoona milomo yake ikufunsa.
Ndiye ndimakaluma chogwirira ndi mano otsalawa
n'kukakhoma ndi chikhadabo.
Kabwino kamanjenjemera mpaka m'chibwano.
Kong'aluka kamangoti thi, basi.

Mzinda uno umayenda ndi ntchito ya manja anga.
Nyulu zokoka mitsuko ya mafuta kuchokera kudoko
zavala mawu anga m'khosi.
Mlonda wa usiku wosaka moto pamadenga
amagwedeza langa kuti mnzake adziwe kuti sanagone.
Dzuwa likapendeka, belu la kosambira likati ngwee,
amuna amasiya mlandu pakati, kuthamangira madzi otentha.
Limenelo sindinaumbe ine, ndi la Mgiriki wina,
ndipo limalira ngati mphika.

Kamodzi msilikali anagula kamodzi osatsitsa mtengo.
Mawa lake ndinakaona pakhosi pa munthu wopita kukaphedwa,
kakulira njira yonse
kuti anthu apatuke, tsoka lingawakhudze.
Ndinali nditakapukuta bwino kameneko.

Koma zimene zimandidyetsa ndi za pakhomo.
Nevia, wamasiye wophika buledi, anafuna chachikulu:
chinthu chachimuna chamapiko, chamiyendo ya mkango,
timabelu tisanu tikulendewera pa maunyolo.
Anachipachika pamwamba pa uvuni, odutsa n'kumaseka.
Ndi ntchito yake imeneyo.
Diso la kaduka limadana ndi phwete,
limadana ndi phokoso,
likamva mkuwa limaphethira, n'kuiwala amene limafuna.
Anatero amene anandiphunzitsa,
inenso ndatero kwa aliyense wobwera ndi ndalama.

Kochepetsetsa pa tonse ndinaumbira Vitalina.
Kanali ngati chipatso cha azitona,
lilime lake kachitsulo kochepa ngati njere ya balere.
Amake anakamanga pamkono ndi ulusi wofiira.
Zaka zitatu nyumba yathu inkadziwa pamene mwana ali:
ngiri ngiri kuseri kwa mtsuko,
ngiri ngiri pa makwerero oletsedwa,
kukati zii, ndiye kuti wapeza uchi.
Palibe wa kaduka anamuyandikira, zimenezo ndikuvomera.
Koma chilimwe chija madambo a Tiberi anapuma mpweya wawo,
ndipo malungo alibe makutu.
Usiku wachinayi thupi likunjenjemera
kabelu kanalira kokha mpaka tambala.

Tinamuika kunja kwa chipata, m'mbali mwa msewu,
pansi pa mapale awiri a denga.
Amake anati, kasiye pamkono,
kumene akupitako kuli mdima, aziopseza nako zoipa.
Ine ndinati, katseke ndi ubweya, mwana agone.
Tinakangana pamanda ngati pamsika.
Anapambana ndi iye.

Dzulo kunabwera mtsikana, khanda pachifuwa,
mapazi oyera ndi fumbi la kumidzi.
Anasankhasankha m'dengu, kuyesa uku, kuyesa uku,
mpaka khanda linatembenuza mutu kutsata kamodzi.
Anaika timakobiri tiwiri pathabwa,
nandiyang'ana m'maso, nafunsa.
Milomo ndimaiwerenga bwino,
funso limenelo ndimalidziwa ngakhale mumdima:
Kodi kamatetezadi?

Ndinaloza khutu langa n'kupukusa mutu,
ngati nkhalamba yosamva kanthu.
Kenako ndinadula ulusi wofiira,
ndinamanga mfundo ziwiri pa kamkono kaja,
ndinawonjezera yachitatu,
ndipo ndinaima pakhomo kuwayang'ana
khanda likuponya dzanja m'mwamba,
mpaka anakhota pa ngodya ya nkhokwe.