Botolo Lachisanu ndi Chiwiri

Vendelin akuti ndikuwononga mowa wabwino.
Wakhala akunena zimenezi kuyambira Meyi,
komabe ndi iye amene amandisenzera makwerero
tikamakwera phiri la Polana m'mamawa,
chifunga chikadali mtulo pakati pa mitengo ya paini.

Msampha wanga ndi botolo lapulasitiki
loboola pakhosi,
mowa wosasa zala zitatu pansi pake,
waya wolikoleka panthambi.
Basi. Ntchito yotsalayo ndi ya fungo.

Tomwe ndikufunato sitiluma munthu.
Timangofanana ndi udzudzu, miyendo nyololo,
timabadwira m'zitsa zowola
ndi pabala la mtengo pomwe madzi amakha n'kusasa.
Kumusi ku Zvolen amatiphwanya pazenera ndi nyuzi
osafunsa n'komwe dzina.

Botolo loyamba: makumi awiri ndi kamodzi,
kuphatikiza mavu atatu osaitanidwa.
Lachiwiri: mvula yadzaza, zonse phala.
Lachinayi: njenjete yafera momwemo,
fumbi la mapiko ake lapaka aliyense.
Ndimakha ndi kasefa ka tiyi,
kutola kamodzikamodzi ndi kambaniro,
kumiza mu sipiliti,
kulemba ndi pensulo poti inki imasungunuka:
tsiku, malo, mtengo,
kenako dzina langa, Zlatica, pansi penipeni.

Pa lachisanu ndi chiwiri tapeza waya yekha
ali lende.
Khungwa lakalidwa mpaka kupitirira chipewa cha Vendelin,
m'matope muli phazi loti nsapato yanga n'kulowamo yonse.
"Chimbalangondo," watero motsitsa mawu.
Kenako: "Waona? Alipo wodziwa ntchito ya mowa."
Waseka mpaka kutsamwa.
Ine ayi.
Masabata awiri a nkhalango apita m'mimba mwa chilombo
ndipo kabuku kanga kalibe danga la nkhani zotere.
Kulemba ziro n'kunama.
Ndangojambula kamzere.

Usiku ku labotale, pansi pa galasi lokuza,
phiko limodzi ladzaza diso langa lonse:
mitsempha yogawikana ngati njira za odula matabwa,
mawanga onga khofi wotayika kunsonga.
Apa ndi pomwe mtundu umasiyanirana ndi unzake,
pa kadontho koti ndikapuma mwamphamvu kauluka.
Mazana anayi, khumi ndi tiwiri.
Khosi lauma gwa.

Podzutsa mutu, ndaona pazenera
kamodzi kamoyo,
kakupapasa galasi ndi miyendo yakutsogolo,
kopanda tsiku, kopanda nambala.
Kambaniro kali m'dzanja.
Sipiliti ali chitsegulire.
Kamzere kaja kali phee m'kabuku, kukamwa yasa,
ndipo palibe angadziwe.

Koma aka si ka m'phiri.
Kabadwira kuseri kuno, mwina m'makoko a mbatata
omwe mlonda amataya kumpanda.

Ndathimitsa nyali.
Mawa Vendelin abwera ndi makwerero aatali
ndi waya wokhuthala.
Akuti ulendo uno ndigule mowa wotchipa.