Ngongole ya Mchere

Tepi inabwera m'katoni ya sopo,
ikununkha nkhungu ndi mikodzo ya makoswe.
Pachikuto, ndi pensulo yofufuma:
Chadiza, 1957. Mkazi akusinja.
Dzina lake palibe.
La wojambula lilipo, la inki, zilembo zonenepa.

Kuno ku Kalingalinga, kuseri kwa owotcherera mageti,
magetsi ndi mwamuna wa mitala:
lero agona kwathu, mawa ku Mtendere.
Akabwera, ngakhale pakati pa usiku,
ndimadzuka n'kumudzutsanso mayiyo.

Ndinadula mpweya wake pawiri.
Kugunda kwa munsi ndinakutola kumodzikumodzi
n'kukuyala pansi pa kulira kwa jenereta ya aneba.
Iye anatsokomola kamodzi kokha chaka chimenecho,
ine ndamutsokomoletsa kosaleka.
Tambala wa kumbuyo kwake, amene anadyedwa kalekale,
ndinamutembenuza,
tsopano amalira chobwerera, akumeza m'bandakucha.

Mawu ake ndinawakoka ngati mphira
mpaka anasanduka chimphepo cha m'paipi.
Zimene ankanena sindinazimve.
Chinyanja changa n'cha m'minibasi,
chofuulira chenji ndi potsikira,
chake chili ndi mizu yomwe sindinakumbepo.
Ndinangoti akulira,
ndipo nyimboyo ndinaitcha Maliro.

Loweruka, m'galaja ina ku Kabwata,
pansi pa babu limodzi lofiira,
anthu makumi atatu anatsinzina, mitu pansi.
Lubasi anati thupi lamuchita tsembwe.
Mtsikana wina anapukuta misozi ndi mkono wa jekete.

Koma pageti mlonda, a Yelesani,
tochi m'khwapa,
ankaseka mpaka kugwira khoma.

Bweza paja, mwanawe, anatero,
koma usamukoke. Msiye alankhule yekha.

Ndinawatsegulira yosadula ija pafoni.
Anaiika kukhutu, chala m'mwamba,
n'kumandibwerezera mzere ndi mzere:

Unati mchere wodzaza mbale,
dzuwa lapendeka, mphale yanga sinayere,
iwe wa khutu lachitsulo,
mchere uja uli kuti?

Ameneyu sakulira, anatero a Yelesani.
Akulonjerera ngongole.
Ndipo amene akuseka cha kumapetoko ndi anzake,
chifukwa mwini makinayo wayamika, wati bwerezani.

Zaka zonsezi ali m'katoni,
akufunsa funso limodzi mumdima,
makoswe okha akumva.
Ndabwera ine, ndamupatsa masipika awiri aakulu
n'kumutsekanso pakamwa ndi ukatswiri wanga.
Pakhomo tinatolera makwacha mazana asanu ndi limodzi.
Ndinawawerenga kawiri. Anali olemera m'thumba
njira yonse yobwerera.

M'mawa ndinapita pakantemba ka Namwinga
n'kugula paketi ya mchere, wamiyala uja.
Ili pamwamba pa sipika mpaka lero.
Pangodya pali kabowo,
ndiye munsi ukagunda, paketiyo imanjenjemera,
timiyala tikugwa kamodzikamodzi pasimenti.
Kugwako ndakujambulanso,
dzanja langa silimva kukana.

Nyimbo ija ndaibwezera liwiro lake.
Tsopano akumveka bwinobwino, wotopa, wamwano,
wamoyo kuposa tonse a m'galaja muja.

Dzulo ndinafika pokwerera mabasi a kum'mawa,
paketi m'manja.
Mnyamata wa katundu ananyambita cholembera,
natsegula buku la malisiti,
nandiyang'ana:
Dzina la wolandira?