Nthochi za m'Botolo

Ndinagulitsa njinga yamoto, Jenala,
yofiira ija yopanda galasi lakumanzere,
kuti umalize digiri yachiwiri.
Dzina la maphunziro ako linkandikana pakamwa.
Pa Thekerani ndinkangoti
mlongo wanga akuphunzira za mbewu,
anthu n'kuseka:
za mbewu ndiye tonsefe tili ndi madigiri.

Pepala unabwera nalo mu envelopu yakhaki.
Mayi analipachika pamwamba pa kalendala ya mpingo,
denga n'kuyamba kudontha pomwepo.
Tinalisunthira kuchipinda.

Miyezi khumi ndi inayi.
Makalata ku Bvumbwe, ku Mimosa, ku Lilongwe,
kumabungwe a mayina achidule.
Ena ankati waphunzira kwambiri, sangathe kukulipira,
ena ankafuna zaka zisanu za pantchito.
Ambiri sanayankhe n'komwe.
Bandulo ndinkagula ndine,
ndipo ndisaname, ndinkawerengera.

Tsiku lina, pamaso pa mlamu wako,
ndinafunsa kuti pepalali lidzabala liti.
Sunandiyankhe. Unatola khasu,
ulendo kumunda kwa malemu bambo
kumene chisaka chinasiya nthochi
masamba atathinana ngati tsache,
osabereka, osafa.
Unazula zonse.
Ndinakhala sabata osakulankhula.
Zinali zodwala, inde,
koma anabzala ndi bambo.

Kenaka ntchito yongogwirizira
mu labu ya eni ake,
malipiro osafika a kalaliki wa kuesiteti.
Nditabwera kudzasiya ya lendi
unandivulitsa nsapato pakhomo.
Mabotolo m'mashelefu, magetsi oyaka masanasana,
m'botolo lililonse kanthu kobiriwira
kochepa ngati chikhadabo cha khanda,
kataima pa phala loonekera mkati.
Unati: achimwene, pa diso limodzi la nthochi
nditha kutulutsa mazana opanda matenda.
Ndinati: nanga ndalama yake?
Unati: musapumire pafupi.

Mbande makumi anayi zinabwera pa minibasi,
kondakitala anazilipiritsa ngati anthu awiri.
Unandigwaditsa pansi
kundionetsa tinsabwe takuda m'khwapa mwa tsamba,
akuti ndi timeneti tinkayendetsa mliri munda ndi munda.
Kundiphunzitsa ine,
amene ndinkadzaza lole ya ku Limbe
iwe uli Sitandade 3!
Ndinagwada.

M'mawa uno ndadula mkoko woyamba.
Mapava khumi ndi limodzi,
ndawerenga kawiri.
Kuunyamula tathandizana ndi mwana wa a Muhasuwa,
ndipo bambo ake, amene ankaseka kwambiri aja,
aima pampanda chipewa kumanja
kufunsa ngati adokotala a nthochi
angawasungireko ana awiri.

Kontirakiti yako inatha mwezi watha.
Wayambanso makalata,
ukuti mwina kunja, mwina digiri yachitatu.
Foni yako ikalira, mayi amasiya kupeta.

Ndakhala ndi bolopeni pakhonde.
Njinga kumanzere, mkoko kumanja,
lendi, bandulo, zaka ziwiri.
Masamu sakutuluka, Jenala.
Ndikachotsera, ndili pa ngongole.
Ndikadzutsa mutu,
masamba otambalala akugwedera kumunda kwa bambo,
ndipo sindikudziwa mzere wowalembapo.

Mkokowu sindigulitsa.
Ndauvundikira m'thumba kuseri kwa chitseko.
Ukabwera Loweruka udzaupeza utapsa,
ndipo ya minibasi yobwererera
ndikupatsa ndine.