Limba la a Chikombe

Anadzanditenga ku Mchesi, utuchi uli mbuu m'tsitsi,
akuti chiswe chadya mwendo wa limba ku Eriya 3.
Ine wa mipando ndi mabokosi a maliro,
limba ndinali ndisanalikhudzepo chibadwire.

Dzina lawo lenileni linali Ashcombe,
koma alonda a mumsewumo analipinda ngati waya
mpaka linasanduka Chikombe,
eni ake n'kumavomera.
Nkhalamba yayitali, manja amawangamawanga
ngati nthochi yoiwalika pawindo.

Ine ndikupala mlombwa pakhonde,
iwo ankakamba m'Chichewa chothyokathyoka:
"Kwathu ku Mangalande ndinkapeka nyimbo za zisudzo.
Anthu makumi anayi pansanja,
wina kufunsira mbeta moimba,
wina kufa nyimbo ili m'kamwa."
Ndinaseka. Munthu amafa akuimba?
Anati: "Akalipidwa bwino, amafa kasanu ndi katatu pamlungu."

Sewero loyamba analemba ali mnyamata,
m'kachipinda kozizira, atavala jekete la bambo awo.
Linatha masiku khumi ndi awiri.
Lachiwiri sankalitchula.
Lachitatu ndiye linagwira moto:
zaka zinayi, usiku ndi usiku, mipando yodzaza,
woyendetsa takisi akuliza mluzu nyimbo yawo
osadziwa kuti mwini wake wakhala kumbuyo
akuwerenga makobidi olipira.

Ndinafunsa: nanga kenaka?

"Kenaka makutu a anthu anasamuka."
Wina analemba m'nyuzipepala
kuti nyimbo zawo ndi tiyi wa dzulo.
Mnzawo wowalembera mawu anamwalira,
ndipo nyimbo zinayamba kubadwa zopanda lilime.
Kuno anabwera kudzaphunzitsa materemu awiri okha.
Mijakaranda ya pabwalo inachita maluwa
kakhumi ndi kasanu n'kanayi, iwo akadalipo.

Mwendo ndinaulumikiza, sunafanane ndi inzake.
Anaugogoda ndi ndodo, nakhala pansi,
zala zija zonjenjemera pogwira kapu
zinathamanga ngati ana otuluka m'kalasi.
Sindinamve Chingerezi m'menemo.
Ndinamva munthu akutsazika pasiteshoni
sitima itanyamuka kale.

Loweruka lililonse kunkabwera ana a kwaya a ku Kawale
ndi mphunzitsi wawo, mayi Nasibeko.
Nyimbo ya takisi ija anaiphunzira masana amodzi,
koma anaiponda mwa kwawo:
wotsogola kuponya, ena kuwakha,
m'manja kuomba pomwe pepala lati khalani chete.
A Chikombe anafiira makutu,
anamenya chivundikiro: "Sizili choncho!"
Ana zii.
Mlungu wotsatira ndinawapeza ndi pensulo ndi labala
akufufuta zimene analemba zaka makumi anayi zapitazo,
akulemba za ana aja.

Anapita mwezi wa Juni, kukuzizira ngati kwawo.
Bokosi ndinakhoma ndine,
ndipo muyeso sindinafunse munthu.
Mwana wa mlongo wawo anatumiza uthenga pafoni
kuti mapepala onse tiwotche kapena tisunge, zili kwa ife.
Nasibeko anawamanga m'chitenje.
Limba linakwera lole, anyamata asanu ndi mmodzi akulichirikiza,
likulira lokha pa mabampu a ku Chilambula.

Dzana, pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe,
pamene anthu amakankhana ngati mbuzi pachipata,
wa kabaza wina anandidutsa, thumba la makala kumbuyo,
akuliza mluzu.
Ndinaima, wogulitsa zovala za kaunjika n'kundigunda.
Inali yomwe ija,
yopindika pang'ono kumapeto ngati dzina la mwini wake.

Ndinafuna kumuthamangira ndimuuze
za kachipinda kozizira, za jekete, za tiyi wa dzulo.
Koma anali atalowa kale m'fumbi la kumsika,
ndipo ine ndinali ndi misomali yoti ndikagule
sitolo ya Mmwenye isanatseke.