Ngalande ya Pamalire

Anajambula mzerawu sanamwepo madzi a kuno.
Anali kutali, patebulo,
ndipo pensulo yake inali yonenepa:
pamapu ndi kamzera chabe,
pansi pano kadya munda wanga ndi theka la wa Safarmad.

Ine ndine Toktosun, wotsegulira madzi
m'mudzi wina wa m'chigwa cha Fergana.
Zaka makumi atatu ndi zinayi
ine Lachiwiri, iye Lachisanu,
fosholo imodzi, yothyoka mpini kawiri,
tinkaisiya patsinde pa mtengo wa maapurikoti
kuti wobwera aipeze.
Tinkakangana, inde. Usiku wina anandibera madzi,
ndinamutukwana m'chilankhulo chake
kuti amve bwino.
M'mawa tiyi tinamwera limodzi.

Kenaka wailesi inayamba kutiuza kuti ndife ayani.
Ana anabwerera kunyumba ataloweza nyimbo ya fuko,
dzanja pachifuwa,
akuti dziko ndi mayi.
Mayi wanji wofunsa chitupa mwana asanayamwe?

Waya waminga anabwera nyengo yozizira,
anamuzika m'mbali mwa ngalande.
Mtengo uja mizu ili kwathu,
nthambi zambiri zili kwawo.
Zipatso zimagwa popanda chidindo
n'kuwolera pomwepo,
poti wololedwa kutola palibe.

Mdzukulu wanga Ermek anapita ndi mfuti ya boma.
Wake, Firdavs, chimodzimodzi.
Amene anayamba kuwomba sindikumudziwa.
Anabwera m'mabokosi okutidwa mbendera.
Yathu ndinaikhudza: nsalu yoterera, yotchipa.
Yawo ndinaionera pawaya,
inkanyezimira mofanana.
Bwana wa kulikulu anati dzina la mnyamatayu silidzaiwalika,
koma ankaliwerenga papepala,
ndipo analilakwitsa.

Akuti ndizidana naye Safarmad.
Ndayesa. Ndimadzuka m'mawa n'kuyesa
ngati woyesa nsapato ya mwini.
Imandithina.

Lachisanu lapitali ndinamuona tsidya,
atawerama, akutsokomola,
akuchotsa matope m'ngalande ndi manja.
Msilikali wathu maso anali pafoni.
Ndinaponya fosholo pamwamba pa waya.

Sanathokoze, ndipo sindinkadikira zimenezo.
Anaitola, nayang'anitsitsa pampini
pomwe tinamanga ndi lamba wake wakale,
napukuta mphuno,
nayamba kukumba.
Ndinaima pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi,
mpaka madzi, amene sadziwa nyimbo ya fuko lililonse,
anakwawa pansi pa waya
n'kudzanyowetsa nsapato zanga.