Pamzere wa Chidindo

Tinanyamuka ku Mbare kusanache,
ine ndi Abusa Kachingwe a ku Ntcheu,
envulopu atayipanira m'khwapa
ngati mwana wodwala wopita naye kuchipatala.

M'menemo muli kalata ya mpingo,
zithunzi ziwiri zosamwetulira,
pepala la apolisi loti sanabepo ndi nkhuku yomwe,
ndi chithunzi cha mapapo awo.
Boma likufuna kusuzumira m'chifuwa
momwe mumachokera ulaliki.

Pamzere tinapeza sisitere wa ku India
zala zili pa kolona, maso pa wotchi,
shehe wa ku Mangochi atakhalira chikwama,
mzungu wofiira khosi akudzikupiza ndi fomu.
Onsewa akuti anatumidwa ndi Wakumwamba
koma zenera ndi limodzi,
ndipo limatsekedwa nthawi ya nkhomaliro.

Mtsikana wa pazenera sanadzutse nkhope.
"Palibe mwana wa dziko lino
woti n'kugwira ntchito imeneyi?"
Abusa anameza malovu.
Ndinayankha ndine, m'Chishona chobadwa nacho:
alipo ambiri, mwanangu,
koma nkhalamba zathu za ku Mufakose
zikufuna kutsikira m'manda
ndi mawu amene zinayamwira.

Anatiponyera kalisiti.
"Mubwerenso pakatha masabata asanu ndi limodzi."

Panja maluwa a jakaranda anali mbwee,
makombi akuwaponda osapepesa.
Abusa anandifunsa,
"Nanga inu a Fulatira, chanu munachipeza bwanji?"
Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Bambo anga anadzera ku Tete wapansi
kudzasesa misewu yomwe tikuyendayi.
Mchombo wanga unagwera ku Mbare,
mano anga athera konkuno,
koma chitupa chinanditchula mlendo
mpaka imvi zinamera.
Ku Dedza ndimangokumva,
akuti kuli phiri ndi mbatata.

Lamulungu likubwerali
guwa lidzakhala lopanda mwini.
Abusa adzakhala pa benchi yakutsogolo
kolala ili m'thumba la jekete,
kudikira inki ya munthu
kuti ivomereze zomwe Mulungu anasayina kale.

Mawu ndidzawerenga ndine,
chala chikutsata mzere, magalasi ali pamphuno,
ndipo lilime likaterereka n'kugwera m'Chishona
iwo adzandinong'oneza pansipansi
monga amachitira bambo anga
tisanawanyamule.